Kalata yotseguka kwa akuluakulu oona za sukulu za mkombaphala: dimba lathuli ndi kalasinso

Mabwana ndi madona olemekezeka,

Ndayamba ndakupatsani moni, muli bwanji kumaofesiko? Ife kuno tilipo, kungoti dzuwa ndi lomwe latikhaulitsa. Ine ndine mlezi pa sukulu ina ya mkombaphala kuno kumudzi, zija mumazitchula kuti CBCC zija, ndipo ndatha zaka 8 ndikugwira ntchitoyi mongodzipereka. Dzina la mudzi sinditchula, mungadzavutitse a komiti anga osalakwa. Kalatayi ndikulemba pafoni ya mwana wanga nde mukaona zilembo zina zapotoka musadabwe, zala zangazi zinazolowera khasu ndi mthiko.

Chandilembetsa ndi ichi. Mwezi watha kunabwera alendo pa galimoto yoyera, anthu atatu, atanyamula mafomu. Anatipeza cha m'ma 9 koloko tili kudimba kuseri kwa shedi yathu, ana onse ali balalabalala m'mabedi, wina kachigubu koboola m'manja akuthirira mpiru, wina wagwada akuyang'ana nyongolotsi, maondo onse matope okhaokha. Mayi mmodzi mwa alendowo anandiitanira pambali nkundifunsa mwaulemu ndithu kuti, nanga amayi kalasi muyamba nthawi yanji? Ndinati kalasi ndi imeneyi, tayamba kale. Anaseka, osati moipa ayi, koma kuseka kuja kwa munthu amene akuganiza kuti ukucheza. Kenako anayamba kuchonga fomu yawo, ana alipo angati, chimbudzi chilipo, mpondagiya wosambira m'manja ulipo, zidole zilipo, zithunzi pakhoma zilipo. Ndinasuzumira pafomupo mpaka kumapeto, za dimba panalibe ndi mzere umodzi womwe. Pochoka anandilangiza kuti ndizisamala nthawi chifukwa ana akuyenera kumaphunzira. Usiku umenewo tulo sindinatione bwino.

Inu mumakonda mawu oti mmera mpoyamba. Timawamva pawailesi, timawaona pamalaya ndi pazitenje tsiku la zochitika, ndipo ndi mawu abwino zedi. Koma ndifunseko, ana amene mukuwatchula mmerawo, ndi angati anauonapo mmera weniweni ukuboola nthaka, nkudziwa kuti nyemba imeneyi ndinakwirira ndine?

Ndikudziwa muyankha kuti nkale lonse mumalimbikitsa kuti CBCC iliyonse ikhale ndi munda. Zoona, sindikukana. Koma munda umene mumanenawo ndi wa makolo, uja amakalima Loweruka kuti tipeze chimanga ndi soya wa phala, ana sapondako, kawirikawiri umakhalanso kutali. Ine ndikunena kadimba kakang'ono ka pakhomo pa sukulu, mabedi 6 kapena 8 basi, aafupi moti mwana wa zaka 4 afikire pakati osaponda mbewu, koti anawo azikatcha kathu.

Taimani ndikuuzeni zomwe zimachitika mmenemo, mwina mungandimvetse. Ana ambiri akamabwera amatha kuimba manambala achizungu kuyambira 1 mpaka 20 osapuma, makolo nkumawomba m'manja kuti mwana ndi wanzeru. Koma yemweyo ukamuuza kuti tandipatse nyemba zitatu amakutapira dzanja lodzaza. Ndi nyimbo chabe imene ija, mutu sunagwire kuti 3 ndi chani. Ku dimba timati phando lililonse nyemba ziwiri, ndipo mwana amagwada, kutola imodzi, kutola ina, kuponya, kukwirira, kusuntha. Akafika kumapeto kwa mzere 2 uja walowa m'zala, sadzatulukanso. Sabata yotsatira timawerenga kuti zamera zingati, zakana zingati, nde kuchotsera kwayambika kumeneko popanda choko kapena bolodi. Kutalika kwa mmera timayeza ndi kamtengo, Lolemba lililonse kudula kachizindikiro, ndipo mawu oti chachitali, chachifupi, chaposa, chachepa amatuluka okha pakamwa pa ana akamakangana kuti bedi la ndani lakula.

Ndinali ndi kamnyamata kena chaka chatha, kosakhazikika, kamphindi kamodzi pamkeka sikatha, kwawo anali atakatopa nako mpaka agogo ake ankati mwina mutu suyenda bwino. Titadzala nyemba, iko tsiku lililonse mmawa kamathamangira pa phando lake nkufukula kuti kaone ngati yamera. Kufukula, kuyang'ana, kukwirira. Za anzake zinamera patatha masiku 6 kapena 7, yake ayi ndithu, nanga imere bwanji ikusokonezedwa daile. Kanalira. Sindinakakalipire, ndinangotenga botolo lapulasitiki lodula, kuikamo dothi, nyemba nkuitsamiza m'mbali kuti izioneka, ndati iyi uziiona osaigwira. Abale, mwana uja anakhala chete kutsogolo kwa botolo nthawi yaitali kuposa mmene ndinamuonerapo chiyambire, ndipo tsiku limene kamuzu koyera kanatuluka anakuwa kuti aphunzitsi yatulutsa mchira! Anzake onse anathamangira. Kuyambira pamenepo ndi amene ankaletsa anzake kufukula, amvekere musaidzutse ikugona. Tandiuzani mabwana, kudikira kumeneku, kudziletsa kumeneku, ndikanakuphunzitsa ndi chithunzi chiti cha pakhoma?

Ndiye palinso mawu. Mwana wa kudimba amadziwa muzu, tsinde, duwa, mphukira, amasiyanitsa chiswe ndi nyerere, mbozi ndi nyongolotsi, amadziwa kuti njuchi ikabwera pa duwa la dzungu sitiithamangitsa. Amadziwa bonongwe, luni, chisoso, denje, kholowa, chigwada, khwanya, mayina amene ana ena a mtauni akumva ngati chilankhulo chakunja pomwe agogo awo anakulira zomwezo. Mwana amene ali ndi mawu ambiri m'chilankhulo chake ndi amene savutika akakayamba kuwerenga ku sitandade 1, izi ngakhale aphunzitsi a ku pulayimale yapafupi amandiuza tikakumana kuchigayo.

Za mbuzi ndisaiwale. Mwezi wa June mbuzi zinaboola mpanda wathu waudzu usiku nkudya mpiru wonse, kusiya timitengo tokha. Mmawa ana anangoti kakasi. Ine mtima unali utawawa kale ndimafuna ndipite kwa mwini mbuziyo ndikayankhule zosakhala bwino, koma kamtsikana kena kanati tiyeni tiweruze mlandu ngati kwa amfumu. Anakhala bwalo pansi pa mtengo wa mango, wina mfumu, wina nduna, wina anavomera kukhala mbuzi nkumalira mee mee. Atafunsa mbuziyo kuti unadyeranji mpiru wathu inayankha kuti ndinali ndi njala komanso chitseko chinali chotsegula kkkk. Chigamulo chinali choti mbuzi ilibe mlandu, wolakwa ndi mpanda. Ana a zaka 5 amenewo. Ndipo ananena zoona, wolakwa ndi mpanda, ndibwereranso pa nkhani imeneyi.

Lachinayi ndi tsiku lathu lophika. Musachite mantha, ndikudziwa chomwe chabwera m'mutu mwanu, moto ndi mipeni. Pozungulira mafuwa timathira mzere wa phulusa ndipo mwana aliyense amadziwa kuti mzere umenewo sadumpha, amene amafika pamoto ndi ine ndi mayi amene ali pa ntchito yophika tsikulo basi. Mpeni mwana sagwira. Koma ntchito zina zonse ndi zawo, kusamba m'manja ndi sopo pa mpondagiya poyamba, ndipo chichitikireni kolera ija ya 2022 mpaka 2023 imene inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno pamenepa sitinyengerera, kenako kutsuka mbatata, kuswa mtedza, kupeta ndi tizilichero tating'ono timene anatilukira agogo ena, kusinja nsinjiro mu kamtondo, kusadzula nkhwani, kuwerenga mbale kuti zikwane aliyense. Tikamakonza ufa wa phala amayeza okha, makapu 4 a chimanga, kapu imodzi ya soya wokazinga, ndipo ukalakwitsa dala nkuthira kachisanu amakuwa onse kuti aphunzitsi mwaonjeza! Tsiku lophika futali ndiye kumakhala chisangalalo, fungo la nsinjiro likangoyamba kumveka ngakhale ana a pulayimale odutsa pamsewu amachedwa dala pampanda.

Bambo wina anabwera atakwiya kuti mwana wake wamwamuna tikumusinjitsa ngati mkazi. Ndinawapatsa mpando, ndinawagawira futali yemweyo, atadya ndinawafunsa kuti kodi anyamata athu akapita ku Joni kapena kusukulu yogonera konko amawaphikira ndani? Sanayankhe, anangopempha madzi akumwa nkumapita. Mwanayo akubwerabe ndipo pa kusinja palibe womuposa.

Chimene ndaona ndi maso angawa nchoti mwana sakana chakudya chimene wadzala yekha. Amayi amabwera kudandaula kuti uyu masamba sadya, ukamupatsa bonongwe amalavula, amangofuna tiyi ndi zigege. Yemweyo akathyola bonongwe wa pa bedi lake, nkutsuka yekha, nkuona akutenderedwa, amanyambita mbale mpaka kupempha wina. Akafika kunyumba amakavutitsa amake kuti ifenso tidzale. Pano m'mudzi muno muli timadimba ta kuseri kwa bafa tingapo timene tinayamba chifukwa cha kulira kwa ana, madzi ake omwe aja otsukira mbale. Magulu 6 a zakudya aja alangizi a zaumoyo amawaphunzitsa kusikelo, zokhutitsa, zanyama, zanyemba, zamasamba, zipatso ndi zamafuta, amayi amawaloweza nkuiwala, koma mwana akaima pa mbale nkunena kuti amayi lero mulibe chamasamba, manyazi ake amagwira ntchito kuposa chithunzi cha kuchipatala.

Ndipo inu ziwerengero mukuzidziwa kuposa ine. Kafukufuku wa zaumoyo wa dziko lonse wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti ana 37 pa 100 aliwonse osakwana zaka 5 ndi opinimbira. Opinimbirawo ife sitiwawerenga papepala, timawanyamula, mwana wa zaka 4 thupi ngati wa zaka ziwiri, tsitsi lofiirira, kugona pamkeka anzake akusewera. Komanso si ine ndekha ndikunena za dimbazi. Ku Zomba a Save the Children pamodzi ndi akafukufuku a bungwe lofufuza za chakudya la IFPRI anayesa zimenezi m'ma CBCC 60 cha m'ma 2015 ndi 2016, kupereka mbewu, kuphunzitsa makolo ulimi ndi kaphikidwe kudzera pa sukulu za mkombaphala, ndipo anapeza kuti ana anayamba kudya zakudya zakasinthasintha, mpaka ang'ono awo otsala kunyumba amene sanayambe nkomwe sukulu kupinimbira kunachepa. Umboni ulipo, ndi wa konkuno, osati wa kunja. Mu 2018 Banki Yaikulu Padziko Lonse inavomerezanso ndalama zokwana madola 60 miliyoni za pulojekiti yosamalira ana aang'ono m'dziko muno. Nde poti ndalama zotere zimatha kupezeka, waya wa mpanda wa mabedi 8 ungakanike?

Ndabwerera pa mpanda paja. Chaka chilichonse timamanga waudzu, chaka chilichonse chiswe ndi mbuzi zimagawana, ndipo udzu womwewo masiku ano ukusowa, anthu akulimbirana wofolerera nyumba. Tipatseni waya kamodzi, mitengo tidzadula tokha, ndipo m'mbali mwake tidzadzala chamwamba ndi mapapaya kuti mpandawo uzidyedwanso. Madzi ndiye nkhani ina. Mjigo wathu uli patali ndithu, ndipo kuyambira September mpaka mvula itagwa pamakhala mzere wa ndowa kuyambira 4 koloko mbandakucha, nde ine kupita pamenepo kuti nditunge othirira masamba amayi anzanga amandiyang'ana ngati ndapenga, ndipo sindiwadandaula. Mukamakumba mijigo muziyamba mwafunsa kuti sukulu ya mkombaphala ili pati. Olo thanki yokolola madzi a padenga, kwa amene ali ndi malata, ingatithandize miyezi ingapo.

Malo nawo. Ambiri mwa ife malo a sukulu anatipatsa amfumu pakamwa, popanda kapepala. Kwa anzathu a mudzi woyandikana nawo amfumu atamwalira adzukulu anabwera nkuti dimbali ndi la agogo athu, anazula mbatata ya ana isanakhwime nkudzalapo fodya. Thandizani makomiti kuti malowa alembedwe, asainidwe, zisamathere pa maliro.

Za feteleza sindikupempha ayi, chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023 ife tinaiwala kuti thumba limaoneka bwanji. Timapanga manyowa, ndowe, phulusa, gaga, masamba ouma, ndipo ana amakonda kuponda nawo dzenje la kompositi kuposa masewera ena onse. Chimene tikufuna ndi mbewu, makamaka mbatata ija yofiira mkati ya vitamini A, monga Kadyaubwerere, Chipika kapena Zondeni, chifukwa ukangopeza kamtolo kamodzi chaka chamawa umagawira mudzi wonse. Ndipo mlangizi wa zaulimi azitiyendera, olo kamodzi pa temu. Amapita ku makalabu a alimi, amapita kwa alimi otsogolera, koma palibe anamuuzapo kuti sukulu ya mkombaphala ilinso m'dera lake. Nsabwe zikagwira repu ine ndimangothira phulusa ndi madzi a sopo mmene ankachitira mayi anga, poti mankhwala ogula sindingayerekeze kupopera pamene pakusewera ana. Inu a zaulimi, a zaumoyo, a maphunziro ndi oona za ana, mumakumana m'mamiting'i kuma hotelo, tangogwirizanani kuti dimba la ana ndi la nonse, chifukwa pakali pano aliyense akuti ndi la mnzake.

Mukamatiitana ku maphunziro a alezi, ikanimo tsiku limodzi lathunthu loti tituluke panja tigwire dothi, mutionetse mmene ungaphunzitsire kuwerenga, mitundu, maonekedwe ndi nthano uli pakati pa mabedi. Alezi anzanga ambiri amaopa, amaganiza kuti mlendo akawapeza kudimba awalembera zoipa, nde amangowakhazika ana pamkeka kuimbitsa January February March mpaka dzuwa litakwera. Sindikuwanyoza, fomu ndi imene imawauza chofunika. Chimene sichili pafomu kwa ife ndiye kuti kwa inu chilibe ntchito. Onjezanipo mzere umodzi wokha, kodi ana ali ndi dimba lawo, kodi amaphika nawo. Muona mmene madimba adzamerere dziko lonse chaka chimodzi chisanathe.

Koma chonde mukalemba mzerewo mulembe bwino, chifukwa ndikuwadziwa anthu. Ena adzamva kuti ana azilima nkuwatenga tiana ta zaka 4 kukapalira munda wa a tcheya a komiti. Ayi. Imeneyo ndi ganyu, ndi nkhanza, ndipo ine ndingakhale woyamba kukanena. Kwa ife kudimba ndi mphindi 30 kapena 40 mmawa dzuwa lisanapse, zolemetsa zonse monga kutipula ndi kusenza madzi ndi za akuluakulu, mwana watopa amakakhala pamthunzi palibe womufunsa. Ndipo zokolola ndi za m'mbale mwa ana, osati za pamsika, osati za mlezi.

Inunso eni sukulu za mkombaphala zolipira za mtauni kalatayi ikukukhudzani. Ndinapita kukaona mdzukulu wanga mtauni, sukulu yake yokongola, penti waliwali, bwalo lonse simenti, pa geti zithunzi za maapozi ndi zipatso zina zoti mwanayo sanazionepo pamtengo. Ndinamufunsa kuti tomato amachokera kuti, anati kumsika. Ndinati nanga asanafike kumsika, anati mu minibasi. Makolo akulipira ndalama zambiri, kumapeto kwa chaka kubwereka mikanjo ya graduweshoni ngati ku yunivesite, koma mwana sanagwirepo dothi. Malo akachepa si chifukwa, thumba la simenti lakutha kapena ndowa yobooka mukathiramo dothi ndi manyowa mpiru umamera bwinobwino pakhonde.

Pomaliza pake ndinene za ife alezi, mwachidule poti mukuzidziwa. Ambiri sitilandira kanthu, ochepa okha ndi amene amalandirako kangachepe. January ndi February njala ikafika pachimake ufa wa phala umatha, ana amasiya kubwera, alezi nawo amapita kukasaka ganyu kuti ana awo adye, sukulu zambiri zimangotsekedwa mwakachetechete popanda wolengeza. Chaka cha 2024 chija cha El Niño, boma litalengeza za ngozi ya chilala m'maboma 23 mwa 28, kwathu kuno chimanga chinapserera chisanamasule, ndipo chimene chinatigwira kuti tisatseke ndi mbatata ya kudimba la ana ndi nkhwani, kawiri pa sabata, pang'onopang'ono choncho. Sizinali zokwanira, sindinama. Koma ana ankabwera.

Mbatata ya chaka chino tikumba Lachinayi la sabata yamawa. Ana awerenga kale mizere, ilipo 5, ndipo akangana kale kuti yaikulu kwambiri ituluka mu mzere wa ndani. Mayi aja a fomu ngati kalatayi ingawapeze auzeni kuti akuitanidwa, abwere ndi nsapato zoti zingade komanso mbale yawo, zathu zilipo 38 ndipo ana ndi 43.

Ine wanu,
Mlezi wa kumudzi